Ubongo ndi intaneti: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Nkhani yoika kachipangizo m'mutu mwa munthu kuti aziyendetsa kompyuta ndi maganizo ikangomveka, mafunso amabwera omwewomwewo. Ena amafunsa mwamantha, ena mwachidwi, pomwe ena ali ndi wachibale wofa ziwalo ndipo akufuna kudziwa ngati pali chiyembekezo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta.

Kodi kulumikiza ubongo ku intaneti n'kutani kwenikweni?

Ubongo wa munthu uli ndi maselo pafupifupi 86 biliyoni amene amatumizirana uthenga ndi timphamvu ta magetsi tochepa kwambiri. Mukafuna kutukula dzanja, gulu lina la maselowa limayamba kugunda mwa njira yakeyake dzanjalo lisanasunthe n'komwe. Kachipangizo kakamva kugundako kamatumiza ku kompyuta, ndipo pulogalamu imene yaphunzitsidwa imamasulira kuti munthuyu akufuna kamuvi ka pa sikirini kapite kumanzere. Kompyutayo ikakhala pa intaneti, ndiye anthu amati ubongo walumikizidwa ku intaneti.

Njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya kunja: lamba kapena chipewa chokhala ndi tizitsulo tokhudza khungu la mutu. Imeneyi imatchedwa EEG, ndipo ndi yakale, poti Hans Berger wa ku Germany anaigwiritsa ntchito pa munthu mu 1924. Sifuna opaleshoni, koma chigaza chimaphimba zambiri. Zili ngati kuima kunja kwa bwalo la mpira: mumamva kuti chigoli chalowa, koma zimene munthu mmodzi akunong'oneza mnzake simungazimve. Yachiwiri ndi ya mkati, pamene madokotala amaika timawaya pamwamba pa ubongo kapena mkati mwake mwenimweni.

Palinso kusiyana kwina kofunika. Zipangizo zina zimangomvetsera, zina zimatumiza magetsi kulowa mu ubongo. Nkhawa za mitundu iwiriyi sizifanana.

Kodi zimenezi zachitikadi, kapena n'zongokamba?

Zachitika, ndipo sizinayambe ndi Elon Musk monga ambiri amaganizira. Mu 2004 Matthew Nagle wa ku America, amene anafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika m'munsi, anaikidwa kachipangizo ka BrainGate ndipo ankatsegula maimelo ndi kusintha matchanelo a TV osagwira kanthu. Mu 2012 ofufuza a gulu lomwelo anaonetsa mayi Cathy Hutchinson, amene anakhala zaka pafupifupi 15 manja osagwira ntchito chifukwa cha sitiroko, akuyendetsa mkono wa loboti mpaka kufikitsa botolo pakamwa pawo n'kumwa okha.

Kampani ya Synchron imalowetsa kachipangizo kake kudzera mu mtsempha wa magazi wa m'khosi, osaboola chigaza, ndipo mu Disembala 2021 Philip O'Keefe wa ku Australia, wodwala matenda ofooketsa minofu otchedwa ALS, analemba nako uthenga pa Twitter. Neuralink, kampani ya Elon Musk, inaika kake mwa munthu woyamba, Noland Arbaugh, mu Januwale 2024. Kali ndi timaulusi 64 topyapyala kuposa tsitsi, ndipo patangopita masabata ochepa tambiri tinasuntha n'kuchoka m'malo mwake, moti mainjiniya anachita kusintha pulogalamu kuti kapitirize kugwira ntchito.

Kumene kwapita patsogolo kwambiri ndi ku nkhani yolankhula. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anathandiza mayi wina wosatha kulankhula kutulutsa mawu 62 pa mphindi, ndipo a ku San Francisco anafikitsa 78. Munthu akamacheza amatulutsa mawu pafupifupi 150 pa mphindi. Komabe anthu amene ali ndi zipangizo zotere m'mutu ndi ochepa kwambiri, ndipo pafupifupi onse ali m'kafukufuku.

Nanga zoti ubongo wa munthu ungalankhulane ndi wa mnzake pa intaneti?

Anayesapo. Mu 2013 ku yunivesite ya Washington, Rajesh Rao anavala chipewa cha EEG akuyang'ana masewera a pa kompyuta. Atangoganiza zosuntha dzanja lamanja, uthenga unadutsa pa intaneti kukafika m'nyumba ina, mmene mnzake Andrea Stocco anakhala ndi makina a maginito pamutu. Chala cha Stocco chinadina batani iye asanachitume. Mu 2017 ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, ntchito yotchedwa Brainternet inkatenga mafunde a ubongo a munthu wovala EEG n'kumawaonetsa pa tsamba la intaneti nthawi yomweyo.

Tisakokomeze: chimene chinadutsa pakati pa Rao ndi Stocco sichiposa "inde" kapena "ayi". Palibe ganizo, chikumbukiro kapena chinsinsi chimene chinasamuka. Koma chala chija chinasunthadi, ndipo funso loti wadina batani ndani tilibwerera pa nkhani ya wolakwa.

Kodi makinawa angawerenge maganizo anga?

Lero, munthu amene wangodutsa pafupi nanu sangathe. Foni yanu singathe. Mlongoti wa netiweki sungathe.

Chimene chatheka n'chochepa koma si chonyozeka. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Texas ku Austin anagoneka anthu atatu m'makina akuluakulu ojambula ubongo, aliyense maola 16, akumvetsera nkhani. Pambuyo pake pulogalamu inkatha kutchula mutu wa nkhani yatsopano imene munthuyo akumva kapena kuganiza, ngakhale kuti mawu enieniwo inkawaphonya. Pulogalamu yophunzitsidwa pa munthu mmodzi inkalephera pa wina. Komanso munthu akafuna kuisokoneza ankangoyamba kutchula mayina a nyama chamumtima, iyo n'kubalalika.

Zipangizo za mkati zafika patali kuposa apo. Mu 2025 gulu la ku Stanford linaonetsa kuti kachipangizo koikidwa kuti kathandize munthu kulankhula kamathanso kutola ena mwa mawu amene akungolankhula mumtima. Ofufuzawo anaona okha kuopsa kwake, n'chifukwa chake anayesa kuika mawu achinsinsi oti munthu ayambe wawaganiza kaye makinawo asanayambe kumasulira. Aliyense amaganiza zinthu zimene sakufuna kunena. Kampata kamene kali pakati pa kuganiza ndi kulankhula ndi kamene kamatithandiza kukhala bwino ndi anthu, ndipo ndi komweko makinawa ayamba kukafika.

Ngati sangawerenge bwino maganizo, nkhawa ndi ya chiyani?

Ambiri amaopa opaleshoni ya mu ubongo, koma ife tikuona kuti vuto limene lili pafupi ndi la timalamba ta kumutu togulitsidwa kwa aliyense, toti n'tothandiza kugona bwino, kusinkhasinkha kapena kusewera magemu. Zipangizo za m'chipatala zimatetezedwa ndi malamulo a chinsinsi cha wodwala. Timalambati m'mayiko ambiri timawerengedwa ngati katundu wamba. Mu 2024 bungwe la Neurorights Foundation linawerenga mapangano a makampani 30 ogulitsa zipangizo zotere, n'kupeza kuti 29 ali ndi mwayi wopeza data ya ubongo wa ogula popanda malire omveka.

Data imeneyi singanene zimene mukuganiza, koma ingasonyeze kuti mwatopa, kuti chidwi chanu chachoka, kuti simugona bwino, ngakhale zizindikiro za matenda ena monga khunyu. Ubongo umachitanso kadzidzimuka kena mukaona chinthu chimene mukuchidziwa. Mu 2012 ofufuza anaonetsa anthu ovala timalamba totere manambala ndi zithunzi za mabanki, ndipo kadzidzimukako kanawathandiza kulota bwinoko zinsinsi za anthuwo kusiyana ndi kungoponya mwamwayi.

Ndiye pali ichi: zimene zajambulidwa lero sizifufutika zokha. Pulogalamu ya lero ikhoza kulephera kuzimasulira, ya zaka khumi zikubwerazi n'kudzatha. Pasiwedi ikabedwa mumasintha. Ubongo mulibe wina wosinthira.

Kodi abwana, aphunzitsi kapena apolisi angandikakamize kuvala chipangizo chotere?

Zayamba kale kuchitika, ndipo sizonse zili zoipa. M'migodi ina madalaivala a magalimoto akuluakulu amavala zipewa za SmartCap, zochokera ku Australia, zimene zimachenjeza munthu akayamba kuwodzera. Dalaivala wogona pa chiwongolero akhoza kupha anthu, choncho cholingacho n'chomveka. Funso ndi loti lipotilo likathera kuti. Ngati likungodzutsa dalaivalayo, chabwino. Ngati likusungidwa mu ofesi kuti adzaone woyenera kuchotsedwa ntchito, imeneyo ndi nkhani ina.

Mu 2019 sukulu ina ya pulaimale ku Jinhua, m'chigawo cha Zhejiang ku China, inaveka ana timalamba ta kampani ya BrainCo. Pamphumi pa mwana aliyense pankayaka kanyali kosintha mtundu malinga ndi mmene makinawo akuonera chidwi chake, ndipo mapointi ankapita kwa aphunzitsi ndi makolo. Anthu atadandaula kwambiri, anasiya. Taganizani mwana wa zaka khumi amene kalasi yonse ikuona pamphumi pake kuti maganizo ake achoka, pamene makinawo mwina akungolakwitsa.

Ku India apolisi anagwiritsapo ntchito kuyeza mafunde a ubongo pofuna kudziwa ngati woganiziridwa akukumbukira za mlandu, mpaka mu 2010 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kuyeza kotere sikungachitike munthu asanavomere. Vuto ndi loti kuvomera kuli ndi mitundu. Munthu akauzidwa kuti "valani kapena ntchito palibe", n'kuvala, pa pepala amalembedwa kuti wavomera.

Kodi akuba a pa intaneti angalowe m'mutu mwa munthu?

Sangalowe m'maganizo, koma m'kachipangizo akhoza, chifukwa chilichonse cholankhulana ndi foni kapena kompyuta popanda waya chili ndi khomo. Mu 2017 boma la America linalengeza kuti tizipangizo 465,000 tothandiza mtima kugunda tikufunika kukonzedwa pulogalamu atapeza kuti munthu wakunja akhoza kutisokoneza. Chaka cha 2016 ofufuza a ku yunivesite ya Oxford anali atafotokoza kale zimene zingachitike ngati wina atalanda ulamuliro wa kachipangizo kotumiza magetsi mu ubongo: kumaliza batire, kuyambitsa ululu, kapena kusintha khalidwe la munthu iye osadziwa chomwe chamuchitikira.

Chovuta china n'chakuti chitetezo chikakhwima kwambiri, dokotala wa pangozi amene sakumudziwa wodwalayo amalepheranso kulowamo nthawi imene akufunika.

Kodi kachipangizo kangasinthe khalidwe la munthu?

Kamene kamatumiza magetsi mu ubongo kangathe. Njira imeneyi yathandiza anthu ambirimbiri odwala Parkinson kusiya kunjenjemera, ndipo ochuluka sasintha khalidwe. Ena ochepa amasintha.

Madokotala a ku Netherlands analemba mu 2004 za bambo wina wa zaka 62. Kachipangizo kakayatsidwa ankayenda bwinobwino, koma mutu unkathamanga, ankawononga ndalama ndi kulowa m'ngongole, ndipo sankaona vuto lililonse. Kakazimitsidwa nzeru zinkabwerera koma thupi linkauma, osadzuka pabedi. Mankhwala analephera kupeza pakati. Madokotala anakazimitsa, n'kumufunsa ali bwinobwino kuti asankhe. Anasankha kuti kayatsidwe, ngakhale kuti zimenezo zinatanthauza kukakhala m'chipatala cha odwala maganizo. Anthu amatsutsanabe kuti mwini weniweni wa chisankhocho anali uti, wa pabedi uja kapena woyendayo.

Mbiri ya nkhaniyi ilinso ndi zochititsa manyazi. Dokotala wa ku Portugal Egas Moniz analandira mphoto ya Nobel mu 1949 chifukwa cha opaleshoni yodula mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene pambuyo pake inasiya anthu masauzande ali zii, opanda chidwi ndi chilichonse. Ambiri mwa iwo sanafunsidwe n'komwe. Amene amakayikira akamva kuti kwabwera njira yatsopano yokonzera ubongo ali ndi chifukwa.

Makina akachita choipa, wolakwa ndani?

Pulogalamu yomasulira ubongo imachita kulota, ndipo zambiri zimathandizidwa ndi nzeru zopangidwa za makompyuta (AI) zimene zimamalizitsa chiganizo munthu asanachimalize. Tiyerekeze kuti kachipangizo katumiza uthenga wachipongwe, kapena kavomereza pangano la ngongole, mwiniwake n'kunena kuti anangoganiza, sanafune kutumiza. Malamulo a mayiko ambiri salanga ganizo, amalanga chochita. Apa ganizo ndi chochita zayandikana kwambiri moti malire ake akuikidwa ndi injiniya amene analemba pulogalamu.

Maganizo athu ndi oti chipangizo chilichonse chizikhala ndi njira yoti munthu atsimikize kapena akane chinthu chisanachitike, ngakhale zitachedwetsa ntchito. Opanga sakonda zimenezi, chifukwa liwiro ndi limene amagulitsa.

Kampani yopanga kachipangizoka ikagwa, wodwala amatani?

Funso limeneli anthu safunsa kawirikawiri ngati la akuba, koma ndi limene lavulaza kale anthu enieni.

Kampani ya Second Sight inaika kachipangizo ka Argus II m'maso mwa anthu osaona oposa 350. Sikankabwezeretsa maso, koma kankawathandiza kuzindikira kuwala, khomo, kapena mzere wa m'mbali mwa msewu. Mu 2019 kampaniyo inasiya kukapanga, ndipo mu 2020 inatsala pang'ono kutsekedwa. Anthu anatsala ndi chitsulo m'diso chimene chikawonongeka kupeza wokonza kapena zida zosinthira n'kovuta, kuchichotsa n'koopsa, ndipo ena ankavutika ngakhale kujambulidwa ndi makina a MRI chifukwa panalibe woti afunsidwe ngati n'zotheka.

Nkhani ya mayi Rita Leggett a ku Australia ndi yowawa kwambiri. Anadwala khunyu kuyambira ali mwana, moti ankaopa kuchoka pakhomo. Mu 2010 analowa m'kafukufuku wa kampani ya NeuroVista n'kuikidwa kachipangizo kowachenjeza khunyu lisanawagwetse, kuti amwe mankhwala nthawi ikadalipo. Moyo wawo unasintha: anayamba kuyenda, kuona anzawo, kudzidalira. Kampaniyo itatha ndalama, onse a m'kafukufuku anauzidwa kuti tizipangizoto tichotsedwe. Mayi Leggett anakana, anayesa kukagula, anali okonzeka kupinyolitsa nyumba yawo, koma zinakanika, ndipo anali omaliza kuchotsedwa. Iwo ankakaona kachipangizoko ngati mbali ya thupi lawo. Pa pepala kanali katundu wa kampani.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonseyi. Chinthu chikalowa m'mutu mwanu koma batire, pulogalamu ndi makiyi ake zili m'manja mwa wina, moyo wanu wamangiriridwa ku phindu la munthu ameneyo. Kuwonjezera intaneti kumangolimbitsa mfundoyo, chifukwa mwini pulogalamu akhoza kuisintha, kuikweza mtengo kapena kuizimitsa ali kutali. Akatswiri ena akupempha kuti kampani isanaloledwe kuika chilichonse mwa munthu izisungitsa ndalama zosamalira odwala ngati itagwa, ndiponso kuti zipangizo zizipangidwa mofanana kuti kampani ina izitha kupitiriza.

Munthu wodwala kwambiri akavomera, ndi kuvomera kwenikweni?

N'kuvomera, ndipo tisamawaone odwala ngati ana. Ambiri amene alowa m'kafukufuku amadziwa kuti mwina sapindula okha, amatero kuti athandize obwera m'mbuyo. Koma munthu amene wakhala zaka zambiri osatha kuyitana mwana wake ndi dzina sangawerenge pepala la pangano ngati mmene angawerengere munthu wabwinobwino. Udindo waukulu uli kwa wofufuza kuti anene zoona zokhazokha: kuti timawaya tingasunthe, kuti bala lingatukusire, kuti ubongo umamera chipsera mozungulira chinthu chachilendo n'kufooketsa mphamvu yake, komanso chimene chidzachitike kafukufuku akatha. Zimene eni makampani amalonjeza pa TV zimasokonezanso, chifukwa wodwala amafika kwa dokotala atakhulupirira kale zinthu zimene sizinatheke.

Kodi si olemera okha amene adzapindule?

Poyamba, inde. Opaleshoni ya ubongo imafuna madokotala amene ndi osowa m'mayiko ambiri, magetsi odalirika, ndi akatswiri oyang'anira chipangizocho zaka zonse. Mu 2024 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni anali asanafike n'komwe pa intaneti wamba.

Zoti olemera adzagula nzeru n'kusanduka mtundu wina wa anthu, pakali pano palibe chipangizo chowonjezera nzeru za munthu wabwinobwino, ndipo dokotala wanzeru sangaboole chigaza chopanda vuto. Chimene chingachitike msanga n'chakuti amphawi adzakhala oyesedwerapo kapena ovekedwa timalamba kuntchito, pamene chithandizo chenicheni chikupita kwina.

Tisaiwalenso kuti si olumala onse amene amadziona ngati ofunika kukonzedwa. Tizipangizo tothandiza kumva toikidwa m'khutu titabwera, anthu ena osamva anatitsutsa, ponena kuti chinenero chamanja ndi chinenero chokwanira. Chipangizo chikakhalapo, anthu amayamba kufunsa wokana kuti bwanji sukufuna kuchira, ndipo boma likhoza kuchepetsa thandizo lina ponena kuti njira ilipo.

Nanga nyama zimene amayeserapo?

Zipangizo zoikidwa mu ubongo zimayamba zayesedwa pa nyama monga makoswe, nkhosa, nkhumba ndi anyani. Mu Disembala 2022 kampani yofalitsa nkhani ya Reuters inalemba kuti Neuralink inali itapha nyama pafupifupi 1,500 kuyambira 2018, ndipo ena ogwira ntchito kumeneko ankadandaula kuti kuthamangitsa ntchito kunkachititsa zolakwika zofuna kubwereza kuyesa. Kampaniyo imati imasamalira nyama zake motsatira malamulo.

Kodi zimenezi sizikutsutsana ndi chikhulupiriro?

Zipembedzo zambiri sizitsutsa chithandizo chobwezeretsa chimene matenda anachotsa, monga mmene sizitsutsira magalasi a maso kapena kachipangizo ka mtima. Kusiyana maganizo kumayamba pamene cholinga chasintha, kuchoka pa kuchiza n'kupita pa kufuna kupanga munthu woposa munthu. Amene chikumbumtima chake chikukana ayenera kukhala ndi ufulu wokana popanda kutaya ntchito, sukulu kapena thandizo la boma, ndipo apa wopemphera ndi wosapemphera akufuna chinthu chimodzi.

Kodi pali malamulo oteteza anthu?

Ayamba kubwera, koma mwapatalipatali. Ufulu wa maganizo unalembedwa kale mu 1948 m'chikalata cha United Nations cha ufulu wa anthu, kungoti olembawo sankaganiza za makina. Mu 2021 Chile inakhala dziko loyamba kuika chitetezo cha ubongo ndi zochokera mu ubongo m'malamulo ake oyendetsera dziko. Mu 2023 khoti lalikulu la dzikolo linalamula kampani ya Emotiv kufufuta data ya ubongo ya Guido Girardi, yemwe kale anali seneta, amene anagula lamba wawo n'kukasuma. Ku America, Colorado ndi California anaika data ya ubongo m'gulu la zinsinsi zotetezedwa mwapadera mu 2024. UNESCO, nthambi ya United Nations, nayo inavomereza mfundo zotsogolera mayiko pa nkhaniyi mu Novembala 2025, koma zimenezo ndi malangizo, sizimanga munthu.

Pali akatswiri ena a malamulo amene amati ufulu watsopano sukufunika, chofunika n'kugwiritsa ntchito bwino malamulo a zinsinsi amene alipo kale. Ali ndi mfundo. Koma data ikawoloka malire kupita ku kompyuta za dziko lina, lamulo la kwanu limatsala m'mbuyo, lakale ndi latsopano lomwe.

Ndikafuna kugula lamba wa kumutu kapena kulowa m'kafukufuku, ndifunse chiyani?

Pa lamba wogula, funsani ngati amagwira ntchito popanda intaneti, kumene data yanu ikusungidwa, ngati kampani ingaigulitse kapena kuipereka kwa ena, ndiponso ngati mungaifufutitse yonse mukafuna. Mayankho akakhala osamveka, dziwani kuti mwina ikupita kwa ena. Musaveke mwana chinthu chimene inu simunawerenge pangano lake.

Pa kafukufuku wa opaleshoni, funsani bungwe limene lavomereza kafukufukuyo, chiwerengero cha anthu amene anaikidwa kale ndi zimene zinawachitikira, amene adzalipire chipangizo chikawonongeka kapena chikafunika kuchotsedwa, komanso ngati mudzaloledwa kukhala nacho kafukufuku akatha. Funsaninso amene angasinthe pulogalamu yake ali kutali, ndi ngati adzayamba wakuuzani. Mayankhowo akhale olembedwa, ndipo pitani ndi munthu wina amene mumamudalira kuti akamve nawo.